Anzawo a Papa Sagona Masana

1. Tsiku lomaliza kulembetsa

Kwathu ku Rajkot, ukafuna kudziwa chimene chapengetsa anthu sabata imeneyo, usataye ndalama pa nyuzipepala. Ingolawirira ku khumbi la a Hasmukh Vadgama kumene amakazinga ganthiya, timizere ta ufa wa tchana, ugule mbale imodzi ndi kapu ya tiyi, ukhale pa benchi. Makutu adzakhuta mimba isanakhute.

Lachinayi limenelo nkhani inali imodzi basi: Otlo.

Otlo ndi kampani ija ya pa foni, imene anthu amaikapo zithunzi zawo n'kumadikira kuti anzawo awadinire kamtima kofiira. Eni ake anali atalengeza kuti akulowa pa msika wa masheya. Anapereka masiku atatu kuti aliyense wofuna kachigawo ka kampaniyo alembetse n'kuikapo ndalama zake. Lachinayi linali tsiku lachitatu, ndipo kulembetsa kunkatha 5 koloko madzulo.

"Marupi 400 biliyoni!" anakuwa a Jayanti, oyendetsa rikisho, kanjinga ka mawilo atatu konyamula anthu, chakudya chili tho m'kamwa. "Ndiwo mtengo wa kampaniyo, abale anga. Akuti belu likadzangolira tsiku loyamba pa msika, sheya iliyonse idzabereka inzake. Ine ndalembetsa dzina langa, la mkazi wanga, la apongozi, ngakhale la mlamu wanga uja sindilankhula nayeyu."

Ndi mmene timachitira kuno. Masheya oterewa amagawidwa mwa maere, choncho wochenjera amalembetsa banja lonse. Ndi nyengo yokhayo imene mlamu amaoneka waphindu.

"Mabiliyoni 400 a chiyani?" anafunsa a Tribhovan, mkulu wosula golide, amene aliyense m'dera lathu amawatcha Kaka. Ankaviika ganthiya mu tiyi chifukwa mano anawathawa kalekale. "Ali ndi fakitale? Ali ndi minda? Ine ndamva kuti chiyambire sanapezepo phindu ngakhale la rupi imodzi."

"Aaa, Kaka, inu mudakali m'nthawi ya ngolo!" anatero a Jayanti. "Chuma cha masiku ano ndi anthu. Otlo ili ndi anthu 200 miliyoni. Ndiwo akugulitsidwawo."

A Tribhovan anatseka maso pang'ono ngati akupemphera. "Ndiye kuti munthu mmodzi akumuika pa marupi zikwi ziwiri. Iwe Jayanti, angakugule zikwi ziwiri ndani? Mwina akuphatikize ndi rikisho yomwe."

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Koma a Hasmukh, amene anali pa chiwaya, sanaseke. Anapukuta manja, n'kutulutsa foni m'thumba la malaya.

"Anthuwo alipo, Kaka. Mboni ndine. Dzulo ndinaika chithunzi cha tsabola wokazinga chabe, koma taonani: timitima mazana atatu! Anzanga amenewa sanaphonyepo tsiku. Kampani imene yasonkhanitsa anthu abwino chonchi singagwe."

Mwana wawo Bansari, mtsikana wa zaka 19, ankakulunga ganthiya m'mapepala chakumbuyo. Atamva mawu amenewo pepala linamupulumuka, chakudya n'kumwazika pansi.

"Lero manja ako ali ndi mafuta, mwanawe," anatero bambo ake mosakalipa. Kenaka anatsitsa mawu. "Tikatseka pano ukatenge kabokosi ka zibangili za mayi ako. Tipite nazo kwa Kaka. Ndilembetsa dzina langa ndi lako, ndipo ndikufuna kulembetsa zokwanira."

"Papa, zibangili za amayi?"

"Zikungogona m'bokosi. Pofika tsiku la ukwati wako ndidzakugulira zisanu ndi zitatu m'malo mwa zinayi."

Bansari anawerama n'kuyamba kutola chakudya chimene chinamwazika pansi chija.

2. Chipinda cha mafoni

Kuti mumvetse chimene chinachititsa kuti pepala lija limupulumuke, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Mayi ake, a Daksha, anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Kuyambira pamenepo a Hasmukh, munthu amene kale akaseka ankadzutsa agalu a mumsewu wonse, anangoti zii. Kukazinga, kugulitsa, kutseka, kugona. A Jayanti ndiwo anawaikira Otlo pa foni, amvekere, "Bhai, m'bale wanga, cheza ndi anthu. Usafe udakali moyo."

A Hasmukh anajambula mbale ya ganthiya n'kuika. Tsiku loyamba analandira kamtima kamodzi, ka a Jayanti omwewo. Tsiku lachiwiri, ng'o. Koma foniyo ankangoitulutsa m'thumba, kuiyang'ana, kuibweza, kuitulutsanso. Bansari ankaona zonsezi ndipo zinkamupweteka mtima kwambiri.

Apo n'kuti atangoyamba kumene ntchito kwa bwana wina dzina lake Ronak. Bambo ake ankangodziwa kuti mwana wawo amagwira "ntchito ya pa kompyuta", ndipo ankauza aliyense monyadira. Sankadziwa kuti ofesi yakeyo ndi chipinda chopanda zenera, pamwamba pa shopu ya matayala. M'menemo munali mashelefu odzadza ndi mafoni mazana atatu, onse olumikizidwa ku kompyuta imodzi ndi tizingwe. Foni iliyonse inali ndi dzina la munthu, chithunzi chake, ndi dera lake mu Rajkot momwe muno. Koma anthu akewo kunalibe.

Ntchito ya Bansari inali yowapatsa moyo pa Otlo. Awa adine timitima. Awa alembe kuti "Zokongola bwanji!" Awa afunirane mafuno abwino pa chikondwerero. Amene ankalipira Ronak pa ntchito yotere, Bansari sankamudziwa, ndipo tsiku lina atafunsa anamuyankha kuti mphuno yake ndi yaitali.

Ronak anali ndi lamulo limodzi lalikulu. "Mafoni awiri asadzalembe mawu ofanana nthawi imodzi. Zikatero kompyuta imandiimbira belu pa foni yanga, ndipo akuluakulu otituma nawonso amaona. Ukadzayerekeza, udzandidziwa bwino."

Tsono mukudziwa mmene mzinda wathu ulili. Ikangokwana 1 koloko masana, zitseko za mashopu zimagwa, anthu amadya, n'kugona mpaka 4 koloko. Wogulitsa amagona, wogula amagona, ngakhale wakuba amagona. Ronak naye ankapita kwawo kukagona, n'kumutsekera Bansari m'chipindamo ndi loko wakunja kuti wina asasuzumire.

Masana ena ali yekhayekha, Bansari anatenga mafoni asanu n'kudinira bambo ake timitima tisanu.

Madzulo ake anawapeza akumwetulira. "Bansari, taona! Anthu asanu, ndipo sindikuwadziwa ndi mmodzi yemwe!" Tsiku limenelo anapempha chakudya chowonjezera.

Mawa lake anawapatsa makumi awiri. Mwezi usanathe, mashelefu onse anali atasanduka anzawo a bambo ake. Kenaka anayamba kuwalembera ndi mawu omwe. Mnzawo wapamtima anali Kantaben, mayi wamasiye wa ku Gondal Road, amene kwenikweni anali foni nambala 114, yosweka galasi pakona. Pa tsiku lokumbukira imfa ya a Daksha, Kantaben analemba kuti, "Nanenso wanga anandisiya, Hasmukhbhai. Chilonda sichipola, koma munthu amaphunzira kuyenda nacho." A Hasmukh anawerengera mwana wawo mawuwo mokweza, misozi ili mbwembwembwe.

Bodza likamayamba limakhala ngati kamwana ka mphaka, kofewa, kosalakwa. Vuto lake ndi lakuti limakula, ndipo limafuna kudya tsiku lililonse.

3. Mwala wakuda wa Kaka

Itangopitirira 12 koloko, bambo ndi mwana anafika ku shopu ya a Tribhovan ku msika wa osula golide. Bansari anafumbata kabokosi ndi manja onse awiri. Panjira anayesa kawiri konse kuyamba nkhani, koma nthawi zonse bambo ake ankamudula ndi kumuonetsa foni.

A Tribhovan anayala kansalu kofiira, n'kutulutsa zibangili zinayi zija chimodzichimodzi. Anazitembenuza, n'kupeza kachizindikiro kawo mkati.

"Ndinasula ndine izi," anatero akuyang'ana Bansari. "Mayi ako anabwera ndi agogo ako, ali wamanyazi, dzanja lake lili laling'ono moti ndinachita kubwereza muyeso."

Anatenga mwala wawo wakuda, n'kukhutizapo chibangili chimodzi. Panatsala kamzere kachikasu.

"Hasmukh, khala pansi. Ndilankhula kamodzi kokha, ukatero uchite zimene ukufuna. Wakutsina khutu ndi mnansi.

"Waona zimene ndachitazi? Chibangilichi ndinapanga ndine, ndikuchidziwa ngati mwana wanga, komabe ndachikhutiza pa mwala. Pa ntchito yathu sitikhulupirira maso, sitikhulupirira dzina, sitikhulupirira ngakhale manja athu omwe. Mkuwa nawonso umanyezimira. Tsono ndiuze, kampani yakoyo waikhutiza pa mwala uti?

"Akuti ili ndi anthu 200 miliyoni. Chabwino. Anawerenga ndani? Munthu akamakugulitsa ng'ombe, umalowa m'khola wekha, n'kuziwerenga, n'kuziyang'ana mano, n'kukama imodzi. Sufunsa mwini khola kuti, 'Kodi ng'ombe zanu zilipo zingati?' n'kulipira uli panja. Pano mwini khola ndiye wawerenga, mwini khola ndiye waika mtengo, ndipo mwini khola yemweyo ndiye akukuuzani kuti fulumirani chipata chikutsekedwa.

"Iwe unali mnyamata pamene kunabwera kampani ina yogulitsa masheya a munda wa mitengo. Mundawo palibe anauonapo, koma chithunzi chake chinali m'nyumba iliyonse. Amuna anapenga ngati mmene mwapengera leromu. Mwezi wathunthu ndinkangosungunula zibangili za akazi a mumsewu uno. Ankabwera nazo m'mabokosi, m'mipango, ena akuchita kuzivula pakhomo pangapa, mkazi akuyang'ana kumbali. Aliyense ankanena mawu omwe wanena iwewa, akuti ndidzagula zisanu ndi zitatu m'malo mwa zinayi. Ndakhala pa mpando uno zaka makumi asanu, Hasmukh. Sindinaonepo chibangili chikubwerera pa dzanja limene chinachoka.

"Sindikuti kampani iliyonse ndi yabodza, ayi. Zilipo zabwino, ndipo inenso ndili ndi masheya anga pang'ono. Koma ndinagula ndi ndalama zimene zikanati zatayika ndikanagonabe tulo. Izi si ndalama zotere. Ichi ndi chinthu chomaliza chimene mwanayu angakhudze n'kunena kuti chinakhudza mayi anga."

A Hasmukh anapukusa mutu. "Kaka, mukunena zoona za kale. Koma munda uja palibe anauona. Ine anthu angawa ndimacheza nawo tsiku ndi tsiku."

"Unakumanapo ndi mmodzi?"

"Ayi, koma..."

"Anabwerapo mmodzi kudzagula ganthiya amene amamutamandayo? Gondal Road ndi kutali?"

A Tribhovan anatambasula dzanja.

"Bwera nayo foniyo."

Mkuluyo anavala kagalasi kake koonera golide, n'kuyandikiza foni kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikutsetsereka pang'onopang'ono.

"Kamtima aka kanabwera 1:40 masana. Aka 2:05. Aka 2:06. Mayi wa ku Gondal Road uyu analemba 2:30. Dzulo chimodzimodzi. Dzana chimodzimodzi." Anavula kagalasi kaja. "Hasmukh, unabadwira mumzinda uno. Ndiuze, ndi anthu ati a mu Rajkot, mazana atatu athunthu, amene sagona masana?"

Panja wina anali atayamba kale kugwetsa chitseko chachitsulo.

"Mwina ndi odwala," anatero a Hasmukh mokwiya. "Mwina ndi amasiye ngati ine, amene tulo tinawathawa. Inu muli ndi ana ndi zidzukulu zodzadza nyumba, Kaka. Musanyoze anthu amene anandidzutsa pamene ndinali pansi. Ndiwafunsa eni akewo. Akati gulitsa, ndigulitsa."

Anajambula zibangili zija pa kansalu kofiira, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi.

"Afunse," anatero a Tribhovan akubweza zibangili m'kabokosi, n'kukapereka m'manja mwa a Hasmukh. "Ine nthawi yanga yogona yakwana. Ubwere 4 koloko. Ukakhala usanasinthe maganizo ndigula, ndalama zilowa mu foni yako nthawi yomweyo, ndipo ulembetsa 5 koloko isanakwane. Golide ndi wako, sindingakuletse."

Potuluka, mkuluyo anamuyang'ana Bansari. "Iwe mwana, nkhope yako yatuwa ngati phulusa. Ukudwala?"

"Ayi, Kaka. Ndachedwa ku ntchito."

4. Anthu mazana atatu, chala chimodzi

Ronak anali atayima kale pamwamba pa masitepe, makiyi akuzungulira pa chala.

"Mfumukazi yafika! Ndimati mwina wagula kampani yonse, wasiya ntchito." Sanaseke. "Tamvera. Lero ndi tsiku lomaliza, ndipo akuluakulu akufuna kuti Otlo iwire ngati mafuta pa moto. Foni iliyonse ilankhule, isapume ndi imodzi yomwe. Ndipo pakamwa pako pakhale potseka. Anthu amene amatituma ntchitoyi ali ndi ndalama zambiri pa belu la ku msika wa masheya lija. Wina akawasokonezera sapita naye ku khoti, amakhala ndi njira zawo. Khumbi la bambo ako lija ndi lansungwi ndi malata, eti? Ndipo pamakhala mafuta ambiri."

Anamukankhira m'kati ndi nsonga za zala. Chitseko chinatsekedwa, loko n'kulira kuti khetye. Phokoso la njinga yake yamoto linamveka likutsika msewu mpaka kuzimirira.

M'chipindamo munali motentha. Mafoni mazana atatu ankaphethira m'mashelefu, ndipo chokupizira mphepo chinkangolira osathandiza kanthu. Bansari anakhala pa kompyuta n'kutsegula tsamba la bambo ake.

Chithunzi chinali pomwepo: zibangili zinayi pa kansalu kofiira. Pansi pake panali mawu awa:

"Abale anga a pa Otlo, izi ndi za malemu mkazi wanga. Ndikufuna kuzigulitsa kuti ndigule masheya a nyumba yathu ino ya Otlo. Mkulu wina akuti inu kulibe. Ndiuzeni nokha, ndigulitse kapena ayi? Inu simunandinamizepo."

Panalibe kamtima ngakhale kamodzi. Mzinda wonse unali mtulo, kupatula bambo mmodzi amene Bansari ankadziwa kuti wakhala pa mpando wa mayi ake, foni ili m'manja, akudikira.

Nzeru inamubwerera msanga, ndipo inali nzeru yokoma. Anayamba kukonza mayankho. Foni nambala 7 inene kuti, "Musagulitse, bhai." Nambala 52 inene kuti, "Golide wa mkazi sagulitsa." Kantaben alembe mawu aatali ogwira mtima. Aliyense mawu akeake, kuti belu la Ronak lisalire. Zibangili zipulumuka, ntchito ipulumuka, ndipo madzulo Papa adzamuonetsa foni akumwetulira, amvekere, "Waona anzanga mmene amandikondera?"

Anakonza mayankho makumi anayi. Chala chinafika pa batani lotumizira.

Pamenepo maso ake anabwerera pa mzere womaliza uja. Inu simunandinamizepo.

Mawa bambo ake akanakhalanso pa chiwaya n'kuuza benchi yonse kuti anthuwo alipo, mboni ndi iwo. A Jayanti akanamva, apongozi awo akanamva. Ndipo tsiku lina Papa akanafunsanso anzawowo funso lina, mwina la nyumba, mwina la mankhwala, mwina la mwamuna woti akwatire mwana wawo. Ndipo tsiku limene Ronak akanadzamuchotsa ntchito, mafoni omwewo akanayankhidwa ndi chala cha munthu wina.

Bansari analira. Analira mokweza, poti m'chipinda chopanda zenera palibe angakumve. Atatha anapukuta maso ndi mpango wake, n'kufufuta mayankho onse makumi anayi.

Kungowaimbira foni sikukanathandiza. Munthu amene wakana mawu a Kaka akanati mwana wangotumidwa kuti anene zimenezo. Ankayenera kuona ndi maso awo, ngati kamzere kaja pa mwala wakuda.

Analemba mzere umodzi. Anasankha mafoni onse, kuyambira nambala 1 mpaka 300. Ankalidziwa bwino lamulo la Ronak, ndipo anali asanaiwale za nsungwi ndi mafuta.

Anadina.

Mashelefu onse anawala nthawi imodzi. Pansi pa chithunzi cha zibangili mayankho anayamba kutsika ngati mvula ya matalala, mayina osiyanasiyana, nkhope zosiyanasiyana, achikulire, anyamata, amayi a mipango kumutu, koma onse akunena chinthu chimodzi:

"Papa, ndine Bansari. Musagulitse."

5. Hafu pasiti 2

Panapita mphindi khumi. Kenaka foni yake yeniyeni, ya m'chikwama, inalira.

"Papa."

Kumbali inayo kunkangomveka kupuma. Patali pang'ono kunkamvekanso wotchi ya pakhoma ya kunyumba kwawo.

"Uli kuti?" anafunsa a Hasmukh. Mawu awo anali otsika, ngati a munthu amene wangodzuka kumene pa matenda.

"Ku ntchito, Papa. Ntchito yanga ndi imeneyi. Muno muli mafoni mazana atatu. Ndimawalankhulitsa ndine."

"Onse?"

"Onse."

"Mwa anthu onsewa, weniweni palibe ndi mmodzi yemwe?"

"A Jayanti okha."

Bansari anapanikiza foni kukhutu mpaka kupweteka.

"Nanga Kantaben?" anafunsa a Hasmukh. "Mayi uja anandilembera pa tsiku la mayi ako. Anati chilonda sichipola. Ameneyo yekha ndi munthu, mwanawe. Foni singadziwe zimenezo."

Bansari anayang'ana pa shelefu yachiwiri, pa kafoni kosweka galasi pakona.

"Foni sinkadziwa, Papa. Ndinkadziwa ndine. Inu munataya mkazi, ine ndinataya amayi. Koma m'nyumba simunkalankhula, ndipo ine ndinkaopa kuyamba. Ndinaona kuti ndi bwino ndikuuzeni ndili Kantaben. Ndinalakwa kwambiri. Ndakupusitsani pamaso pa anthu kwa chaka chathunthu."

Anamva bambo ake akulira. Sikunali kulira kwa tsiku lija ankawerenga mawu a Kantaben. Uku kunali kulira kwa manyazi, ndipo Bansari anadziwa kuti wawalanda chinthu chimene sangathe kuwabwezera. Mawa pa benchi, mboni ija ikanayang'ana kuti?

"Chaka chathunthu," anatero a Hasmukh pamapeto pake, "ndakhala ndikuthokoza alendo, mwana wanga ali pakhomo pomwepo akundipakulira chakudya."

"Papa, zibangili?"

"Zili pamiyendo pangapa. Kaka agone mpaka mawa ngati akufuna, sandiona." Anapuma mozama. "Koma usaganize kuti nkhani yatha. Ndakwiya, Bansari. Ndakwiya kwambiri, ndipo sindikudziwa kuti ndikuyang'ana bwanji. Bwera kunyumba tsopano lino. Ntchito imeneyo waisiya."

"Sindingathe kutuluka. Amanditsekera kunja mpaka 4 koloko."

"Amakutsekera? Ndani? Malo ake ndi ati? Ndidzutsa Jayanti pompano!"

"Pamwamba pa shopu ya matayala, kuseri kwa..."

Sanamalize. Kunja, mumsewu umene unali zii ngati kumanda, kunamveka njinga yamoto ikubwera mothamanga. Inayima pansi penipeni pa masitepe. Pambuyo pake panayimanso galimoto, ndipo zitseko zake zinatsekedwa, chimodzi, chachiwiri, chachitatu.

Bansari anayang'ana nthawi pa kompyuta. Inali hafu pasiti 2. Kwathu kuno munthu sadzuka nthawi imeneyo pokhapokha nyumba ikupsa.

"Bansari? Wati kuseri kwa chiyani? Lankhula, mwanawe!"

Mapazi ambiri ankakwera masitepe, ndipo sanali a Ronak yekha. Mafoni mazana atatu aja anali akuwalabe m'mashelefu, iliyonse ikuonetsa dzina lenileni la Bansari kwa aliyense wolowa.

"Papa," ananong'ona, "musadule foni."

Kiyi inalowa mu loko.